Mazipi Akana Botolo Lotsukira Mkati

Kuyabwa kunayamba ngati masewera, koma mwezi usanathe Mazipi sankathanso kukhala pampando wa makina mpaka kumaliza siketi imodzi. Ankati akapondako pang'ono, n'kudzambatuka ngati wakhalira singano. Apite kuchimbudzi, atseke chitseko, akande mpaka misozi kulengeza, abwerere. Akati ataye madzi, pokandapo pankawotcha ngati pathiridwa tsabola.

Dzina lakuti Mazipi analipeza m'shopu yosoka mayunifolomu momwe ankagwira ntchito, chifukwa panalibe womuposa kuika zipi. Zipi yake inkagona phee, osakwinyika. Koma tsopano mulu wa masiketi unkangokula pakona, ndipo eni shopu anali atayamba kumuyang'ana cham'mbali.

"Kodi mpandowo wamera minga?" anafunsa mnzake wodula nsalu, amene onse ankamutcha Sizasi.

"Ndi msana," anayankha Mazipi, maso ali pasingano.

Sunali msana. Zonse zinayamba ndi alamu ake, mlongo wawo wamkulu wa amuna ake, amene anali ndi saluni m'mbali mwa msewu waukulu. Tsiku lina Loweruka anamupeza akuchapa pampopi, ndipo anaona kabudula wake wamkati ali ndi chikazi choyera chitaumirapo pang'ono.

"Alamu, ichi n'chiyani?" anafunsa, atakwinya mphuno. "Mkazi waukhondo sakhala chonchi. Mwamuna akaona izi amatuluka m'nyumba. Muzitsuka mkati kuti kuyere mbee, kuume gwa."

Mawa lake anamubweretsera botolo lapinki lojambulidwa maluwa, lokhala ndi kampopi kosongoka kolowetsa mkati. Mabotolo oterewa ankawagulitsa kusaluni kwawo. Mazipi anachita manyazi kwambiri, poganiza kuti zaka zonsezi wakhala ali wauve osadziwa. Anayamba kutsuka mkati m'mawa ndi madzulo. Kuyabwa kutayamba, alamu anati ndilo litsiro likutuluka, awonjezere. Iye anawonjezeradi, mpaka kulowetsa sopo ndi chala. Makabudula ake amkati, onse a nayiloni, ankawayanika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, atawaphimba ndi thaulo, chifukwa alamu ankati kuwayanika podutsa amuna n'kudzichotsa ulemu. Nthawi zambiri ankawavala asanaumitsitse.

Amuna ake anali owotcherera zitsulo, munthu wosalankhulalankhula. Akamuyandikira, Mazipi ankamva kuwawa, motero anayamba kuwakaniza. Kenako m'mawa wina, ana awo amapasa atapita kusukulu, amuna akewo anaika kapu ya tiyi patebulo osamwako.

"Amake mapasa, ndiuzeni zoona. Matendawa mwawatenga kuti?"

"Matenda ati?"

"Achemwali andiuza zonse. Akuti mankhwala awo amathandiza mkazi aliyense. Amene sakuchira ndiye kuti ali ndi zake zam'mbali."

Mazipi anaika pansi mbale imene ankapukuta.

"Ndiye ine ndasanduka woyendayenda? Ndikachoka pano ndimapita pamakina, ndikachoka pamakina ndimabwera kudzaphika. Chibwenzicho ndimachita ndi ndani, ndi zipi?"

"Lamlungu achemwali abwera, tidzakambirana."

"Thupi langa si mlandu woti anthu adzaukhalire pansi. Ngati mukundikayikira, tiyeni kuchipatala lero lomwe, akatiyeze tonse awiri."

"Ine ndikakhale pabenchi la azimayi oyembekezera? Ndili ndi geti la eni ake loti ndimalize."

"Chabwino," anatero Mazipi. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Analowa kubafa, natenga botolo lija ndi sopo n'kuziponya m'chikwama. Anadzera kushopu kukapempha nthawi, osadikira n'komwe kuti eni shopu amalize kudandaula.

Kuchipatala anadikira pamzere mpaka dzuwa kukwera. Namwino amene anamulandira anali mayi wamfupi wovala magalasi, wosapsatira mawu.

"Chavuta n'chiyani, mayi?"

"Ndi kumusi," anatero Mazipi chapansipansi.

Namwino anasuzumira pansi pa tebulo. "Mapaziwo ndikuwaona ali bwinobwino."

Mazipi anaseka mosafuna. Kenako anakoka mpweya. "Kumaliseche. Kukuyabwa, kukuwotcha, ndipo kukutuluka zoyera zambiri ngati mkaka wowundana."

"Eya, tsopano tamvana. Manyazi anapha lambe. Kukuyabwa kunja kapena mkati?"

Apa Mazipi sankadziwa pomwe kunja kumathera ndi pomwe mkati mumayambira. Namwino anatembenuza chithunzi chachikulu chimene chinali pakhoma, natenga cholembera cholozera.

"Ndikufunseni. Mkazi ali ndi njira zingati kumeneku?"

"Ziwiri. Yakutsogolo ndi yakumbuyo."

"Zilipo zitatu. Tayang'anani. Kunja kuno kuli milomo iwiri ikuluikulu, imene imamera tsitsi. Mkati mwake muli milomo ina iwiri yaing'ono, yofewa. Imasiyana mkazi ndi mkazi, ina yaitali, ina yaifupi, ina yoderapo, ndipo yonse ndi yabwinobwino. Pamwamba apa, pomwe milomo yaing'onoyi yakumana, pali mkongo, kachiwalo kamene mkazi amamvera kukoma pogonana. Pansi pake pali kabowo kakang'ono. Imeneyi ndiyo njira yoyamba, ya mkodzo, yochokera kuchikhodzodzo. Pansi pakenso pali njira yachiwiri, nyini. M'menemu ndi modzera msambo ndi mwana, ndipo imakathera pakhomo la chiberekero. Yachitatu ndi yakumbuyo, yotulukira chimbudzi."

Mazipi anangoti kukamwa yasa. Mawu amene iye ankangowamva anthu akamatukwanizana pamsewu, namwino ankawatchula ngati akutchula chigongono kapena bondo. Koma chimene chinamupweteka mtima si mawuwo.

"Ndiye kuti mkodzo sudzera momwe mumadzera mwana?"

"Ayi."

"Anamwino, ine ndinabereka ana awiri tsiku limodzi. Anthu anandiona, anandigwira, anandisoka. Koma mwini wakene ndafika msinkhu uno osadziwa kuti ndinapangidwa bwanji. Mkati mwa makina osokera ndimadziwamo kachitsulo kalikonse. Bwanji palibe anandiuzapo?"

"Chifukwa nawonso palibe anawauza," anatero namwino. "Si inu nokha. Mukafika kunyumba mukatenge kagalasi, mukatseke chitseko, mukadziyang'ane. Ndi thupi lanu. Mukadziwa mmene limaonekera lili bwino, mudzazindikira msanga tsiku limene lasintha."

Mazipi anatulutsa botolo ndi sopo n'kuziika patebulo. Namwino anatsekula botolo, kununkhiza, n'kupukusa mutu.

"Munayamba kugwiritsa ntchito izi chifukwa chiyani?"

"Alamu anaona chikazi pakabudula wanga. Anati ndi uve."

"Chinkayabwa? Chinkanunkha?"

"Ayi. Chinali choyera basi, ngati nthawi zonse."

"Ndiye munalibe vuto lililonse. Diso lanu mumalitsuka mkati ndi sopo?"

"Ayi, lingawawe."

"Limadzitsuka lokha ndi misozi. Nyini nayonso imadzitsuka yokha, ndipo chikazi ndicho madzi ake otsukira. Masiku ena chimakhala chambiri, choterera ngati choyera cha dzira, masiku ena chochepa. Kafungo kake kachibadwa si matenda. Mkatimo mulinso tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso. Timachititsa kuti mukhale mowawasa pang'ono, kuti tizilombo toyambitsa matenda tisaswane. Mukathiramo sopo ndi mankhwala onunkhirawa, mumapha alonda anu omwe, khungu lofewa lija n'kupsa. Mbava zimangolowa chitseko chili pululu."

Atamupempha chilolezo, namwino anamugoneka pabedi kuseri kwa katani n'kumupima, akumuuza chilichonse asanachichite. Anatengako chikazi ndi kathonje, natumizanso Mazipi kukayezetsa magazi ndi mkodzo. Zotsatira zitabwera, anamuitananso.

"Muli ndi mauka amene amayamba ndi tizilombo totchedwa fangasi. Fangasiyu amakhalamo kale m'thupi pang'ono, ndipo amachuluka alonda aja akafa, makamaka pamalo pofunda ndi ponyowa. Amagwira ngakhale mkazi amene sanagonepo ndi mwamuna. Amakondanso amayi oyembekezera, odwala shuga, ndi amene angomwa kumene mankhwala ena amphamvu opha tizilombo. Matenda opatsirana pogonana amene tayeza, sitinawapeze."

Mazipi anatseka maso. Misozi inatsika yokha, koma sinali ya chisoni. Inali ya mkwiyo.

"Amuna anga akuti ndinayenda."

"Abwere adzamve okha, tidzawayezenso. Matenda ena opatsirana pogonana amayamba ndi zizindikiro zofanana ndi zimenezi. N'chifukwa chake sitilota, timayeza."

Anamupatsa mapiritsi olowetsa mkati pogona ndi mafuta opaka kunja, namuuza kuti amalize onse ngakhale kuyabwa kutasiya, komanso kuti ayambe wadikira kugonana mpaka atachira.

"Tsopano mvetsetsani za kusamba," anapitiriza. "Muzitsuka kunja kokha, ndi madzi oyera ndi dzanja lanu, m'mikwingwirima ya milomo monse. Ngati mukufuna sopo, akhale wosanunkhira, ndipo athere pakhungu lomera tsitsi. Mkati musalowetsemo kanthu, kaya sopo, kaya mchere, kaya mankhwala oumitsa. Kuumako kumang'amba khungu pogonana, ndipo matenda amalowera m'ming'alu yomweyo. Mukachoka kuchimbudzi muzipukuta kuyambira kutsogolo kupita kumbuyo, kuti zakumbuyo zisabwere kunjira ya mkodzo. Mukakhala kumwezi muzisintha padi kapena kansalu pafupipafupi, osadikira kuti kadzaze. Makabudula akhale a kotoni, muzisintha tsiku lililonse, ndipo aziuma padzuwa."

"Padzuwa? Panja?"

"Dzuwa lili m'chipinda mwanu? Ndipo mukadzaona chikazi chachikasu, chobiriwira kapena chotuwa, fungo loipa ngati la nsomba, zilonda, magazi pamene simuli kumwezi, kapena kupweteka m'chinena, musadzafunse kusaluni. Mudzabwere kuno. Mukachira mudzabwerenso tidzakuyezeni khomo la chiberekero."

Madzulo a tsiku lomwelo Mazipi anauza amuna ake zimene anamva. Iwo anangoti, "Tidzamva Lamlungu." Iye anatenga bulangete lake n'kukagona kuchipinda kwa ana.

Lamlungu linafika kuyabwa kutayamba kale kuzizira. M'mawa Mazipi anachapa makabudula atsopano a kotoni amene anagula, natuluka nawo panja. Nyumba yawo inali imodzi mwa nyumba zalendi zoyang'anizana, zokhala ndi mpopi umodzi ndi chingwe chimodzi pakati. Anawayanika mmodzimmodzi, pakati pa malaya a amuna ake ndi mayunifolomu a ana, n'kuwapana ndi mapegi. Amayi awiri amene ankatsuka mbale pampopi anatembenuka kumuyang'ana.

Alamu analowa pageti nthawi yomweyo, chikwama chili m'khwapa. Anaima chilili.

"Mayo ine! Alamu, mwapenga? Chotsani msanga izi! Achimwene, tatulukani mudzaone zimene akuchita akazi anu!"

Amuna ake anatuluka, nayang'ana chingwe, nayang'ana pansi.

"Sindichotsa," anatero Mazipi. "Ziuma pomwepo."

"Mulibe manyazi? Pano pamadutsa amuna!"

"Amunawo savala makabudula amkati? Awo a achimwene anu ali apowa, mbuu, mwezi ndi mwezi, palibe anakomokapo. Manyazi ndinali nawo, alamu, ndipo ndi amene anandidwalitsa."

"Chakudwalitsani mukuchidziwa nokha. Tiyeni m'nyumba tikakambe."

"Ayi. Munandinenera kwa amuna anga ine kulibe, ndipo ndamva kuti ndi kusaluni komwe nkhani yanga inafika. Ndiye tikambira pompano, amve onse."

Analowa m'nyumba, natuluka ndi botolo lapinki lija, nalikweza m'mwamba.

"Ichi ndicho chibwenzi changa. Ndi chimene ndakhala ndikugona nacho. Ndinali bwinobwino, inu n'kundiuza kuti chikazi ndi uve. Kuchipatala andiyeza magazi, mkodzo, zonse. Ndilibe matenda a chiwerewere. Ndili ndi mauka, ndipo anayamba chifukwa chothira izi mkati. Nyini imadzitsuka yokha, alamu. Sifuna maluwa."

Mawuwo atatuluka, mmodzi mwa amayi a pampopi anagwetsa supuni. Alamu anagwira pakamwa.

"Mukutukwana pamaso pa amuna anu!"

"Sindikutukwana, ndikutchula dzina la chiwalo changa. Kutukwana ndi kumunena munthu kuti ndi hule popanda umboni. Inuyo, alamu, mukudziwa kuti mkazi ali ndi njira zingati? Mukugulitsa mankhwala a malo amene simukuwadziwa."

"Ine ndakula ndikutsuka mkati, sindinafe!"

"Ndiye muzitsuka kwanuko. Kwanga kuno ayi."

Anatsekula botolo n'kukhuthulira zonse mungalande ya pampopi. Thovu lapinki linayenda mpaka kugeti, fungo la maluwa n'kudzaza pabwalo ponse. Kenako anatembenukira amuna ake.

"Bambo a mapasa, ine ndakhala nanu zaka zonsezi. Nditadwala simunandifunse kuti kukupweteka pati, munandifunsa kuti ndawatenga kuti. Anamwino akuti mupite mukamve nokha, akakuyezeninso. Mpaka mutapita, ine ndizigona kwa ana."

Alamu anayang'ana mlongo wawo, kudikira kuti akalipe. Koma bamboyo anangokanda kumutu.

"Achemwali," anatero pomaliza, "mankhwalawa anakuuzani ndani kuti ndi abwino?"

"Amene amandipikulitsa."

"Ndi dokotala?"

Alamu anakoka chikwama chawo n'kutuluka, geti n'kulimenyetsa.

Mazipi anakhala pakhonde. Sankakhulupirira kuti mawu onse aja atuluka m'kamwa mwake. Posakhalitsa mmodzi wa amayi a pampopi anabwera, akupukuta manja pasiketi, nakhala pambali pake.

"Amake mapasa," ananong'ona, "mwati njira zilipo zingati?"

Amuna ake sanapite kuchipatala mawa lake, ngakhale mkuja. M'malo mwake anabwera ndi mapaipi awiri achitsulo, nawazika kuseri kwa nyumba pomwe dzuwa limawomba tsiku lonse, namangapo waya watsopano. Atamaliza anaima pambali, akupukuta thukuta, kudikira kuyamikiridwa.

"Waya ndi wabwino, zikomo," anatero Mazipi. "Koma chitsulo sichipepesa. Ndipo ngati mwauika kuseri kuti ndizibisala, ndiziyanika konsekonse."

Sabata yotsatira amuna ake anapita kuchipatala, Mazipi akuwaperekeza. Anakhala pabenchi lomwe ankalikana lija, chipewa chili m'manja, pakati pa amayi oyembekezera amene ankawaseka mwachifundo. Namwino anawaonetsa chithunzi chomwe chija, nawayeza, ndipo sanawapeze ndi matenda. Anawauzanso kuti chinyontho cha mkazi pogonana si chizindikiro cha kuyendayenda, koma ndi mmene thupi limadzitetezera kuti lisachekeke.

"Amake mapasa, ndinakulakwirani," anatero pobwerera, atafika pamphambano. "Ndinamvera zonena za anthu, inu mukuvutika. Pepani."

"Ndamva," anayankha Mazipi. "Tsiku lina ndikadzadwala, mudzayambe mwandiperekeza. Mafunso pambuyo."

Mankhwala atatha, kuyabwa kunatheratu. Chikazi chinabwerera mwakale, choyera ndi chosanunkha, ndipo Mazipi akachiona sankachitanso mantha. Anapitanso kukayezetsa khomo la chiberekero, napezeka ali bwino. Alamu anatha mwezi osaponda pakhomopo. Atabwera, sanapepese, koma mayi wina amene anakamangitsa tsitsi kusaluni anati mabotolo apinki aja sakuonekanso pashelefu. Atawafunsa, alamu anangoti, "Aaa, zija zinatha fasho."

Kushopu, Mazipi sanabisenso. Tsiku lina pa nthawi yopuma masana anatenga choko cholembera pansalu, najambula patebulo la Sizasi njira zitatu zija, akutchula chilichonse ndi dzina lake. Ena anabisa nkhope m'manja, ena anaseka mpaka kutsamwa. Sizasi yekha sanaseke. Onse atabwerera pamakina, anakokera Mazipi pambali.

"Ine zanga ndi zachikasu, ndipo zikununkha. Ndakhala ndikuthira mankhwala omwe aja kuti fungo lithe. Ndikuopa kuti akandikalipira."

"Sakalipira. Ndipo ngakhale atakalipa, thupi ndi lako, si lawo. Mawa tipitira limodzi."

Anapitadi. Matenda a Sizasi anali ena, opatsirana pogonana, ndipo namwino anati akanachedwa akanakwera mpaka m'chiberekero. Analandira mankhwala iye ndi mwamuna wake, ndipo onse anachira.

Amayi ndi atsikana, dziwani thupi lanu ndipo musaope kutchula ziwalo zake. Chikazi choyera, chosayabwa ndi chosanunkha si uve. Tsukani kunja kokha ndi madzi oyera, mkati musalowetsemo sopo kapena mankhwala alionse amene sanakupatseni achipatala. Valani makabudula a kotoni ouma bwino padzuwa. Mukaona kusintha, pitani kuchipatala msanga, osati kwa ogulitsa mabotolo. Nanunso abambo, mkazi akadwala kumaliseche sindiye kuti wayenda. Muperekezeni, mukayezetse limodzi, mukamve zoona kwa amene anaphunzira ntchitoyo.